Kupita kunyanja ndi ana aang'ono: mafunso ndi mayankho kwa makolo a ku Kasungu ndi Mchinji

Mabanja ambiri a kuno kumtunda amapita kunyanja ya Malawi mwa apo ndi apo, ndipo ana awo amakafika pagombe asanaonepo madzi oposa a m'damu kapena a mumtsinje wa Bua m'chilimwe. Mwana wa ku Nkhotakota amakula akudziwa pamene pali pozama, ndiponso amazindikira mphepo ikasintha, koma mwana wa ku Santhe kapena ku Kamwendo alibe chidziwitso chimenechi, ndipo nthawi zambiri makolo ake nawonso alibe. Mayankho otsatirawa alembedwa poganizira ana osapitirira zaka 8.

Kodi magombe amene ali pafupi ndi ife ndi ati?

Wochokera ku Kasungu amafika msanga kunyanja akadzera msewu wa M18 wopita ku Nkhotakota, womwe ndi wa makilomita pafupifupi 130. Kumeneko amakumana ndi msewu wa M5 wotsata nyanja, ndipo akakhotera kumpoto amapeza magombe a kufupi ndi Dwangwa monga Ngala, kenako Kande ndi Chintheche m'boma la Nkhata Bay, pamene akakhotera kummwera amadutsa pa Chia kulowera ku Salima. Wochokera ku Mchinji amayenda makilomita pafupifupi 110 pa M12 kufika ku Lilongwe, enanso pafupifupi 100 pa M14 kufika ku Salima, ndi ena pafupifupi 20 kuti atulukire ku Senga Bay. Cape Maclear, m'boma la Mangochi, ili kutali moti banja la ana aang'ono liyenera kukonzekera zokagona komweko.

Msewu wa M18 umadutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, imene bungwe la African Parks lakhala likuyang'anira kuyambira mu 2015, ndipo mu 2016 ndi 2017 munalowetsedwa njovu pafupifupi 500 zochokera ku Liwonde ndi ku Majete. M'nkhalangomo mulinso kashembe amene amafalitsa matenda a kaodzera. Ana apite kuchimbudzi musanalowemo, mawindo a galimoto akhale otseka, ndipo musaime kuti mujambule zithunzi.

Gombe loyenera mwana wamng'ono limaoneka bwanji?

Chithunzi cha pa Facebook chimaonetsa mchenga woyera ndi madzi obiriwira, koma sichionetsa pansi pa madziwo, pomwe mwana akaponde. Chifukwa chake, mukangofika, ana adikire kumtunda ndipo munthu wamkulu wodziwa kusambira alowe m'madzi poyamba. Ayende pang'onopang'ono kulowera mkati, akuwerenga mapazi, mpaka madzi amufike m'chiuno. Ngati madzi afika m'chiuno atangoyenda mapazi atatu kapena anayi, gombelo ndi lotsetsereka kwambiri ndipo si la ana. Ngati wayenda mapazi 15 kapena 20 madzi akadali m'mawondo, malowo ndi abwino, komabe ayendenso chopingasa, kumanja ndi kumanzere, chifukwa mafunde amakumba maenje mumchenga, ndipo dzenje lofika munthu wamkulu m'chiuno limamiza mwana wa zaka zitatu. Nyanjayi ndi yakuya mamita pafupifupi 700 cha kumpoto kwake, koma mwana samira chifukwa cha kuya kumeneko. Amamira pa madzi ongomupitirira mphuno, ngakhalenso osaya kuposa pamenepo akagwa chafufumimba.

Poyenda choncho, mapazi amakuuzani zambiri. Mchenga wolimba ndi wabwino. Matope omata ndiponso ndere zoterera pamiyala zimagwetsa ana. Madzi akhale oyera moti mukuona zala za kumapazi kwanu mutaima pofika m'chiuno, chifukwa mwana akamira m'madzi akuda, nthawi yomufunafuna ndi imene imamuphetsa. Yang'ananinso mbali zonse ziwiri za gombe ndipo muone kuti palibe bango pafupi, palibe mtsinje kapena ngalande yothira m'nyanja, ndiponso maboti a injini sakocheza pomwepo. Kumtunda pakhale mthunzi ndi chimbudzi chogwira ntchito.

Pali chinthu china chimene anthu amene anapitako kale ayenera kukumbukira. Mu 2024 nyanja inadzaza kwambiri mpaka inameza magombe ndi kulowa m'malo ena ogona alendo ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota. Pamene madzi anakwera choncho, pansi pake pangapezeke zidutswa za mipanda, masitepe a simenti ndi zitsa za mitengo. Gombe limene munalidziwa bwino zaka zisanu zapitazo liyenera kuyesedwanso ngati lachilendo.

Nthawi yabwino yopita ndi ana ndi iti?

Apa pali vuto lenileni kwa ife a ku Kasungu ndi Mchinji. Ndalama zimapezeka m'nyumba fodya akagulitsidwa ku Chinkhoma kapena ku Kanengo, soya ndi mtedza zikapita kumsika, ndipo ana amatsekera sukulu tchuthi chachitali cha mu Ogasiti. Imeneyi ndi nyengo ya mwera, mphepo yochokera kummwera chakum'mawa imene imawomba kwambiri kuyambira mu Meyi mpaka mu Ogasiti, nthawi zina kufikira mu Seputembala. Magombe a Nkhotakota ndi Salima ali kumadzulo kwa nyanja ndipo ambiri ndi osatchingika, choncho mafunde a mwera amawamenya mwamphamvu. Funde likabwerera limakokolola mchenga umene mwana waimapo, ndipo amagwa asanadziwe chimene chachitika. Mwera ukayamba ungathe masiku angapo usanaleke. Nthambi yoona zanyengo imachenjeza pawailesi za mphepoyi, ndipo chenjezo lopita kwa asodzi likukhudzanso kholo lililonse limene likukonza ulendo. Ngati mwafika n'kupeza asodzi akokera mabwato awo kumtunda, tsiku limenelo ana asewere pamchenga basi. Gombe la Chembe ku Cape Maclear linayang'ana kumpoto chakumadzulo ndipo mapiri amalitchinga ku mwera, ndiye chifukwa chake limakhala lodekhako m'miyezi imeneyi.

Kuyambira kumapeto kwa Seputembala mpaka mu Novembala nyanja imakhala bata masiku ambiri, koma kumatentha koopsa. Kwathu kuno tili pamtunda wa mamita oposa 1,000, pamene nyanja ili pa mamita pafupifupi 474, ndipo mwana amene sanazolowere amafooka msanga. M'dzinja mitsinje imabweretsa madzi amatope ndi zinyalala, mphepo ya mpoto imadzuka mwadzidzidzi, ndiponso ziphaliwali ndi zoopsa kwa aliyense amene ali m'madzi.

Tsiku la Anakubala pa 15 Okotobala, Khirisimasi, Chaka Chatsopano ndi Pasaka ndi masiku amene magombe amadzaza anthu, zoimbira ndi mowa. Malingaliro anga ndi akuti mwana wosakwana zaka 5 asapite kugombe lotchuka pa masiku amenewa. Pakati pa khamu la anthu osambira palibe amene amazindikira kuti mutu umodzi waung'ono wasowa.

Kodi ng'ona ndi mvuu zilikodi kumalo kumene alendo amasambira?

M'nyanja ya Malawi muli ng'ona ndi mvuu, ngakhale kuti sizikonda magombe a mchenga otseguka amene pamakhala anthu ambiri. Zimapezeka kwambiri pamathiriro a mitsinje monga Bua, Dwangwa ndi Linthipe, m'mabango, m'madambo ndi m'malo ngati thamanda la Chia. Madzi akakwera m'dzinja zimasuntha n'kufika kumene sizionekaoneka. Funsani anthu awiri osiyana: wogwira ntchito pamalo amene mwafikirapo, ndi msodzi kapena mayi amene akuchapa chapafupi. Mwini malo amafuna kuti musachoke, pamene mayi amene amatunga madzi pamenepo tsiku ndi tsiku alibe chifukwa chobisira. Mufunse kuti, "Amayi, kodi ng'ona inaoneka liti komaliza pano, ndipo ana anu amasambira pati?" Ana asalowe m'madzi m'bandakucha, madzulo dzuwa likulowa kapena usiku, ndipo mvuu zimatuluka usiku kukadya msipu, choncho musayende nawo m'mphepete mwa nyanja kutada.

Nanga likodzo? Ena amati madzi a m'nyanja yaikulu alibe matendawa.

Zimenezo si zoona. Likodzo limayamba ndi tizilombo timene timakulira m'nkhono za m'madzi. Munthu wodwala akakodza kapena kuchita chimbudzi m'madzi, mazira amaswa, tizilombo timalowa m'nkhono, ndipo pakapita masabata angapo timatulukamo tambirimbiri n'kuboola khungu la aliyense amene ali m'madzimo. Mwana satenga matendawa chifukwa chomwa madzi okha ayi. Kungoviika miyendo n'kokwanira. Nkhonozi zimachuluka m'madzi odekha, osaya, okhala ndi bango ndi udzu, makamaka pafupi ndi midzi. Gombe la mchenga lomenyedwa ndi mafunde, lotalikirana ndi mudzi, lili ndi chiopsezo chochepa, koma kummwera kwa nyanja, kuphatikizapo ku Cape Maclear, kuli mtundu wina wa nkhono umene umakhala mumchenga weniweni wopanda udzu. Choncho palibe amene angakulonjezeni gombe lopandiratu likodzo.

Izi zisakulepheretseni ulendo, pakuti likodzo lilinso m'madambo ndi m'madimba a kwathu konkuno, ndipo limachizika. Tizilomboti timatuluka m'nkhono kwambiri dzuwa likakhala paliwombo, motero kusambira cha m'ma 8 mpaka 10 koloko m'mawa, kwa nthawi yochepa, kumachepetsa chiopsezo. Kupukuta mwana ndi thaulo akangotuluka n'kwabwino, koma sikuteteza mokwanira. Funsaninso kumene madzi a m'bafa pamalo ogonawo amachokera, chifukwa ena amangopopa m'nyanja. Madzi otero amakhala otetezeka akathiridwa klorini, akawiritsidwa kapena akasungidwa m'thanki masiku awiri.

Mankhwala ake ndi praziquantel, omwe aja amene a zaumoyo amagawa m'sukulu za pulayimale. Mankhwalawa sapha bwino tizilombo tikadali tating'ono, n'chifukwa chake kumwetsa mwana tsiku lobwerera kunyumba sikuthandiza kwenikweni. Dikirani masabata 6 mpaka 8, kenako mupite naye kuchipatala n'kufotokoza kuti anasambira m'nyanja. Mlingo wake umatengera sikelo ya mwana, choncho musagule mapiritsi n'kumugawira nokha. Ngati mwana wayamba kutentha thupi, kutuluka zidzolo, kumva kuwawa pokodza kapena kukodza magazi, musadikire masabatawo. Ndipo muwaphunzitse ana kuti kukodza m'nyanja n'kolakwa, chifukwa umo ndi mmene matendawa amafikira kwa ana a eni dera.

Kodi m'magombe mumakhala anthu opulumutsa omira?

M'magombe ambiri mulibe, ndipo kumene mungawapeze, muwaone ngati thandizo lowonjezera chabe. Bungwe la World Health Organization limanena kuti anthu pafupifupi 300,000 anafa chifukwa chomira m'chaka cha 2021 padziko lonse, ndipo ana osakwana zaka 5 ndiwo ali pachiopsezo chachikulu. Chimene makolo ambiri sadziwa n'chakuti mwana akamamira sakuwa. Pakamwa pake pamangotuluka ndi kulowa m'madzi, mpweya wofuulira alibe, manja akukankha madzi pansi, ndipo wopenya ali patali amayesa kuti akusewera. Zonsezi zimatha pasanathe mphindi imodzi.

Chifukwa cha ichi, gombe labwino kwambiri silikwanira ngati palibe munthu mmodzi wamkulu amene ntchito yake ndi kuyang'ana ana okha. Munthuyo asakhale akuphika, asakhale pafoni, asakhale atamwa mowa, ndipo asakhale pampando kumtunda. Aime m'madzi, mbali ya kozama, nkhope italoza kumtunda, kuti ana akhale pakati pa iye ndi mchenga. Mwana wosakwana zaka 5 akhale pamtunda woti mungamugwire mutangotambasula dzanja. Akuluakulu azisinthana pakatha mphindi 15 kapena 20, ndipo posinthanapo anene momveka kuti, "Alamu, anawa tsopano ali m'manja mwanu, alipo anayi," winayo n'kuvomera. Ngozi zambiri zimachitika pamene akuluakulu ali ambiri ndipo aliyense akuganiza kuti mnzake ndiye akuyang'ana, paja mutu umodzi susenza denga koma pano denga likhoza kugwa chifukwa aliyense wasiyira mnzake.

Kwathu tinazolowera kusiyira mwana wamkulu, makamaka mtsikana wa zaka 10 kapena 12, kuti alere ang'ono ake. Pakhomo zimatheka, koma panyanja ayi. Mtsikanayo nayenso ndi mlendo pamadzi, akufuna kusewera, ndipo mng'ono wake akamira amamulumphira n'kumira naye limodzi. Mwana amene ali ndi matenda a khunyu ayenera kukhala ndi wamkulu wakewake nthawi yonse imene ali pafupi ndi madzi.

Kodi chubu, chigubu kapena zoyandamitsa zopopa zingateteze mwana?

Ayi. Zinthu zimenezi ndi zoseweretsa, ndipo zimapusitsa kholo kuti lichotse maso. Chubu cha galimoto chimagudubuzika, mwana amapulumukira pabowo lake, ndipo mphepo yochokera kumtunda imachikankhira kozama mofulumira kuposa mmene munthu angasambirire. Chodalirika ndi jekete yopulumutsira moyo ya msinkhu wa mwanayo, yokhala ndi lamba wodutsa pakati pa miyendo. Mukamuveka, mumunyamule pogwira mapewa a jeketeyo. Ikakwera mpaka kumakutu, ndiye kuti yakula.

Anyamata a pagombe akutiitanira ulendo wa paboti. Tikwere ndi ana?

Ulendo wopita kuzilumba, monga Thumbi ku Cape Maclear kumene anthu amakaona nsomba za mbuna m'dera lotetezedwa la Lake Malawi National Park, lomwe linakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linaliika m'gulu la malo ofunika padziko lonse mu 1984, ndi wosangalatsa kwa ana okulirapo. Musanalipire, onani ndi maso anu majekete okwanira aliyense, kuphatikizapo ang'onoang'ono. Akakuuzani kuti ali m'boti ndipo mukavala mukanyamuka, kanani. Musakwere boti lodzaza kwambiri kapena pamene mphepo yayamba, ndipo mwana wamng'ono asakwezedwe bwato lamtengo ngakhale kwa kanthawi kojambulitsa chithunzi.

Kodi gombe lolipira ndi lotetezeka kuposa la aliyense?

Ndalama zolowera zimakugulirani chimbudzi, mthunzi, mpanda ndi mlonda, ndipo kwa banja la ana aang'ono zimenezi si zachabe. Koma sizisintha kutsetsereka kwa pansi pa nyanja, ndipo malo ena okongola anamangidwa pamiyala pamene madzi amazama mwadzidzidzi. Ena ali ndi dziwe losambiramo lopanda mpanda pafupi ndi zipinda, lomwe ndi loopsa kwa mwana wongoyamba kuyenda akadzuka makolo ali m'tulo. Imbani foni musanapite ndipo mufunse za zimenezi.

Doko la asodzi ndi malo antchito. Pamakhala mbedza zotayika mumchenga, zingwe ndi maukonde, mabotolo osweka, mafuta a injini ndi maboti olowa ndi kutuluka. Pitani ndi ana kukaona usipa uli pathandala ndi kugula ndiwo, atavala nsapato, koma kosambirira kukhale kwina.

Tisamale chiyani pa malungo, zakudya ndi dzuwa?

Kunyanja udzudzu umakhalapo pafupifupi chaka chonse. Tengani neti yanu, chifukwa ya pamalo ogona ingakhale yobooka, ndipo dzuwa likalowa ana avale zofika m'mikono ndi m'miyendo. Katemera wa malungo, amene dziko lino linayamba kupereka mu 2019 m'maboma ena kuphatikizapo Mchinji, amachepetsa matendawa koma salowa m'malo mwa neti. Mwana akatentha thupi patapita sabata imodzi kapena iwiri chibwerereni, akayezedwe magazi tsiku lomwelo.

Mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mphepete mwa nyanja anakhudzidwa kwambiri. Nyamulani madzi akumwa ochokera kunyumba kapena othira WaterGuard, sopo ndi mapaketi a Thanzi ORS. Nsomba yootcha kapena yokazinga idyedwe ikadali yamoto. Mchenga wa mu Okotobala umawotcha mapazi a mwana mpaka matuza, choncho avale nsapato ndi chipewa, azimwa madzi pafupipafupi, ndipo khanda losakwana miyezi 6 likhale pamthunzi nthawi yonse. Mwana wachialubino afunika mafuta oteteza khungu kudzuwa, chipewa chachikulu ndi malaya a manja aatali ngakhale ali m'madzi.

Tikupita ngati gulu la mpingo kapena sukulu ya mkaka. Tikonze bwanji?

Maulendo a magulu ndiwo amandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa basi ikangoima ana amathamangira kumadzi akuluakulu akadatsitsa mapoto ndi nkhuni. Chitseko chisatsegulidwe mpaka malo atayenderedwa ndi kusankhidwa. Ana agawidwe musananyamuke kunyumba, wamkulu aliyense apatsidwe mayina a ana ake, osapitirira awiri kapena atatu ngati ndi osakwana zaka 5, ndipo azilowa m'madzi kagulu kamodzi panthawi. Muwawerenge polowa, potuluka ndi pokwera basi. Malaya owala ngati ofiira kapena achikasu amaoneka msanga m'madzi kusiyana ndi obiriwira. Ngati m'gulu lonse mulibe wamkulu wodziwa kusambira bwino, pezani munthu wa komweko wodalirika n'kumulipira kuti aime nanu m'madzi. Nyamukaninso dzuwa likadalipo, kuti musadutse m'nkhalango ya Nkhotakota kapena m'zitunda za msewu wa Salima usiku dalaivala atatopa.

Mwana akamira n'kuvuulidwa, tichite chiyani?

Ngati simudziwa kusambira, musalumphire m'madzi ozama. Fuulani, ndipo mumuponyere chingwe, chitenje, nsungwi kapena chigubu chotseka. Akafika kumtunda, mugonekeni chagada pamalo olimba ndipo muone ngati akupuma. Musamuzondotse, musamuzungulitse ndiponso musamupsinje pamimba pofuna kutulutsa madzi, chifukwa zimenezi zimataya nthawi ndipo zimamusanzitsa, masanziwo n'kulowa m'mapapo. Ngati sakupuma, kwezani chibwano chake pang'ono, mumuuzire mpweya m'kamwa kasanu mukuona chifuwa chikukwera, kenako mupsinje pakati pa chifuwa ka 30 ndi kuuzira kawiri, mobwerezabwereza osaleka, pamene wina akukonza galimoto. Kwa mwana wamng'ono dzanja limodzi limakwanira, ndipo kwa khanda zala ziwiri. Akayamba kupuma, mugonekeni chammbali, mumuvule zonyowa ndi kumufunditsa.

Mwana aliyense amene anamira mpaka kukomoka, kapena amene akutsokomola kosalekeza, kupuma mofulumira kapena kuodzera mosadziwika bwino, apite kuchipatala ngakhale akuoneka kuti watsitsimuka, chifukwa mapapo angayambe kuvuta patapita maola angapo. Dziwiranitu njira musanalowe m'madzi: ku Nkhotakota kuli chipatala cha boma ndi cha mishoni cha St Anne's, ochokera ku Senga Bay amathamangira kuchipatala cha boma cha Salima, ndipo a ku Cape Maclear amadalira cha ku Monkey Bay. Galimoto yanu iimikidwe moloza kotulukira, ndipo aliyense adziwe amene wasunga makiyi. Bungwe la Malawi Red Cross Society limaphunzitsa chithandizo choyamba, ndipo mpingo kapena sukulu imene imakonza maulendo otere chaka ndi chaka iyenera kutumizako anthu ake awiri kapena atatu ulendo usanafike.